Denja, Uza Bamai Kuti Chitsulo Chakana

Inu, sendezani mipando, chifukwa nkhani ya Lastone siyomvera patali. Ena a inu mumamudziwa, uja woonda ngati bango amene amadula mitengo ku Kafue Estates, koma simudziwa chifukwa chake akaona galu womangidwa pachingwe amavula chipewa.

Zinachitika zaka zija mafakitale a ku Kafue ankatulutsa anthu ambiri kuposa katundu. Lastone naye anatulutsidwa nawo. Anzake anakhala pansi n'kumadandaula, koma iye anamva pa wailesi kuti tsopano munthu aliyense ndi bwana wa yekha, ndipo anazikhulupirira ndi mtima wonse. Anayesa kugulitsa maapozi, anaola. Anayesa nsomba zouma, amphaka a m'komboni ananenepa. Kenaka tsiku lina mkazi wake Lilly, pochokera kumsika, anapeza bedi lawo laukwati litaphwasulidwa, matabwa ake atakhomedwa m'mphepete mwa msewu, lasanduka kantemba kogulitsiramo maswiti ndi makandulo. Lilly sanakalipe ayi. Anangomanga mapoto ake m'chitenje n'kubwerera kwa mayi ake, ati akagoneko pabedi kaye mpaka mwamuna wake apeze mutu.

Apa Lastone anamva kuwawa zenizeni, chifukwa, ndisakunamizeni, mkazi wakeyo ankamukonda. Ankafuna chinthu chimodzi chokha padziko lapansi: Lilly abwerere. Ndiye anakadziphatika kwa Cephas, mnzake wakale wa kufakitale, amene anali atayamba kudula mitengo m'mayadi a anthu. Ntchito inalipo yambiri. Boma linali litangogulitsa nyumba kwa okhalamo, ndipo munthu amene kale nthambi ikagwera padenga ankangoti a khansolo abwera, tsopano ankagona diso limodzi lili kumtengo.

Cephas ankakwera mitengo ndi mfundo. Ankaponya chingwe chachikulu panthambi yapamwamba, n'kutenga kachingwe kakang'ono, kukazunguliza pa chachikulucho mwa njira yakeyake, basi. Ukailemera mfundoyo, imaluma chingwe osasuntha. Ukapepuka, imalola kuti uikankhe, kaya m'mwamba kaya pansi. Vuto lake linali kuchedwa. Cephas ankakwera ngati bilimankhwe, ndipo Lastone, amene ntchito yake inali yotola nthambi pansi, ankaona ngati moyo ukumudutsa.

Ndiye tsiku lina pa salaula, paja pogulitsa zovala za kaunjika, anaona chitsulo chachilendo. Chinatuluka m'thumba la jekete lalikulu la kumaiko ozizira. Chinali ndi chogwirira ngati cha ketulo, ndipo pakamwa pake panali dzino limodzi laminga. Mayi wogulitsayo anali atayesa kutsegulira nacho mabotolo, chinakana, ndiye ankangopsinjira masokosi kuti asauluke. Koma Lastone anachizindikira! Kufakitale kunabwerapo mzungu wina amene anakwera chumuni ndi chitsulo chotere, akuthamanga pachingwe ngati kangaude. Lastone anamuona ndi maso ake akukwera. Potsika sanamuone, chifukwa belu la chakudya linalira.

Anathamanga nacho kwa Cephas.

“Ba Cephas, onani vamene banzathu basebenzesa kunja! Ungochita so, kwe, kwe, kwe, wafika. Palibe vomanga-manga.”

Cephas anachilowetsa pachingwe. Anakankhira kutsogolo, chinapita bwinobwino. Anakokera kumbuyo, dzino lija linaluma, chinakana.

“Manje poseluka?” anafunsa Cephas, kunena potsika.

“Kuseluka kuvuta chani? Olo mango iseluka yeka.”

“Iseluka, ee. Unaionapo mwamene imaonekela ikafika pansi?”

“Imwe mudala, mfundo zanu zinapita na makuponi ya unga. Ino ni nthawi ya mamashini.”

“Chabwino. Koma nyamulako kantambo kamozi chabe mu thumba,” anatero Cephas, kunena kachingwe ka mfundo kaja.

“Ine na kantambo? Nine mbuzi?”

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Lastone linali litachita chikanga.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga wochokera kwa amake Lilly, apongozi ake a Lastone. Kuseri kwa nyumba yawo kunali bulugamu wamtali amene anabzala malemu amuna awo, ndipo nthambi yake imodzi inali itaweramira padenga. Ankafuna kuti Cephas abwere Loweruka adzaidule. Lastone atamva, anaonapo mwayi. Anaganiza zopita yekha Lachisanu, akauluke mumtengomo Lilly akuona, apongozi akuona, kuti madzulo ake azibwerera kunyumba iye patsogolo, mkazi ndi mapoto pambuyo. Anadula lamba wa pampando wa galimoto yakufa, anamumanga m'chiuno ndi m'ntchafu, anabwereka chingwe chachikulu cha Cephas mwini wake osadziwa, n'kuvala ovolosi ya kufakitale yochapa bwino.

Tsono pano mvetsetsani. Amake Lilly anali mayi a kuchigawo cha kum'mawa, obwera ku Kafue ndi amuna awo pa ntchito ya njanji, ndipo mwambo anabwera nawo wathunthu, osagwetsako kanthu panjira. Mkamwini ndi apongozi salankhulana, sayang'anana, ndipo akakumana panjira wina amalowa m'tchire. Chikwatirire mwana wawo, Lastone anali asanamvepo mawu amodzi olunjika kwa iye. Zonse zinkadzera mwa Lilly. Ndipo tsiku limenelo Lilly anali atalawirira ku Shimabala kukaoda tomato.

Lastone anafika, ananjuta kuseri kwa mpanda wa maluwa n'kuomba m'manja. Mayi aja atasuzumira n'kuona kuti ndi ndani, anatembenuza kampando kawo, kumupatsa msana. Pakhomo panalibe mwana, panalibe mlendo. Panali Denja yekha, galu wofiira womangidwa pa mpopi, akudzikanda.

“Denja,” anatero mayiwo, “funsa alendo ngati kwawo kalendala inang'ambika. Loweruka ndi mawa, ndiponso ine ndinaitana Cephas.”

Lastone anayang'ana galuyo mwaulemu. “Denja, uza bamai kuti kampani yatuma ine.”

“Denja, kampani yake ndi ija ya bedi?”

Denja anayasamula. Lastone anangoyamba ntchito.

Anamangirira mwala ku ulusi kuti auponye panthambi yapamwamba kwambiri, ukakokere chingwe. Mwala woyamba unaphonya nthambi n'kutera padenga, gwa!

“Denja, uza a kampani kuti denga ili ndi langa tsopano, si la khansolo.”

Atayesa kangapo, chingwe chinakolekeka, ngakhale chinagwira kutali ndi thunthu, chakunsonga kwa nthambiyo. Mbali imodzi anaimanga patsinde, inayo analowetsa m'chitsulo chake, chitsulocho n'kuchikolowekanso ku lamba wa m'chiuno. Ndipo tinene zoona, inu, chitsulo chija chinagwira ntchito! Mapazi pathunthu, manja pachingwe, kwe, kwe, kwe. Pamene Cephas akanakhala akulavulira m'manja, Lastone anali ataima kale panthambi yodulidwayo, akuona madenga onse a Estates, utsi wa ku Industrial Area ndi mtsinje ukunyezimira uko. Anayang'ana kumsewu kuti mwina Lilly akubwera. Kunalibe. Anayang'ana pansi, n'kuona msana wa apongozi.

Anaima chakuthunthu n'kuyamba kucheka kutsogolo kwa mapazi ake, monga ankachitira Cephas. Chimene sanaonepo ali pansi n'chakuti Cephas ankayamba wacheka pang'ono kunsi kwa nthambi. Bulugamu sachita nthabwala. Sowo itafika pakati, nthambi inang'ambika yokha kuchokera kuthunthu, thyoo, n'kupita pamodzi ndi pamene Lastone anaponda. Inagwa bwino zedi, pakati penipeni pa nyumba ndi khola la nkhuku, osakhudza chilichonse, ndipo imeneyi ndi ntchito yokongola kwambiri imene Lastone anagwirapo, koma palibe anaiona. Mwini wake anakankhidwira kunja, chisonga chotsala chinakola ovolosi kumbuyo n'kuing'amba kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo, ndipo anapezeka akulendewera m'malere, akuzungulira pang'onopang'ono, thunthu lili kutali ndi mapazi.

Anayesa kutsegula dzino la chitsulo. Linakana. Chitsulo chimenechi chikasenza munthu sichitsegula pakamwa, mpaka munthuyo apepuke. Nanga munthu apepuka bwanji alibe popondera? Anaganiza zokwera mpaka panthambi yapamwamba kuti akakhalepo. Atakankha kawiri, anaona chisa cha mavu chachikulu ngati chipewa pamwamba pa mutu wake. Anasiya.

“Denja,” anaitana motsitsa mawu.

Denja anadzutsa khutu limodzi.

“Uza bamai kuti nchito yasila.”

“Denja, ayamikire. Auze atsike amwe madzi.”

Lastone anayesanso kutsegula dzino lija, osatheka.

“Denja, uza bamai kuti chisulo chakana.”

“Denja, funsa: chakana chiyani?”

“Chiziba chabe kukwela.”

Mapewa a mayi aja anagwedezeka. Lastone amalumbira mpaka lero kuti ankaseka, iwo amati chinali chifuwa.

“Denja, chingwe ichi chamangidwa patsinde apa. Ndimasule?”

“Denja, awe! Awe! Uza bamai basagwileko!”

Dzuwa linakwera. Lamba uja anayamba kudya m'ntchafu, miyendo inayamba dzanzi. Apa Lastone anakumbukira mawu a Cephas, ndipo anamuwawa kuposa lamba. Akanakhala ndi kachingwe, akanamanga mfundo pachingwe chachikulu, n'kupanga popondera phazi, kuimirira, chitsulo n'kupepuka. Ananena zimenezi kwa Denja, mwamanyazi. Mayi aja anazungulira pakhomo ponse akuyenda chammbali ngati nkhanu kuti maso asapite m'mwamba. Choyanikira zovala chinali cha waya. Lamba wa yunifolomu ya kutchalitchi sangamupatse mkamwini, zimenezo ngakhale kumwamba sangazimvetse. Kachingwe koyenera kanali kamodzi kokha pakhomo ponsepo, ndipo kanali m'khosi mwa Denja.

Onse awiri anaona vuto lake.

“Denja,” anatero Lastone mochonderera, “bakakumasula, uzankala, ai? Tili pakati pa nkani.”

Denja anagwedeza mchira ngati munthu wokhulupirika. Mayi anamasula, anamangirira kachingweko kunsonga ya chingwe cholendewera, Lastone n'kukoka. Pamene kachingwe kankafika m'manja mwake, Denja anali atabowola mpanda kalekale, akuloza kubutchala, osatsanzika.

Tsopano kachingwe kalipo, womasulira palibe. Ndipo panatulukanso china: mfundo ija Lastone sankaidziwa. Anali ataiona kambirimbiri, koma ankaiona ndi maso onyoza, ndipo maso onyoza saphunzira. Anamanga ngati chingwe cha nsapato, anapondapo, inatsetsereka. Anamanga ngati thumba la makala, inatsetserekanso. Pansipo mayi ankamva kutsetsereka kulikonse, ndipo zala zawo zinkayenda zokha pamiyendo, chifukwa mayi amenewa anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya maukonde isanawatulutse nawonso. Mfundo inali chakudya chawo. Anagwira nkhuku imodzi kuti ikhale womasulira, koma ataiyang'ana anaibweza. Sungatume uthenga kwa munthu amene ukufuna kumudya Lamulungu.

Mwamwayi pamsewu panadutsa Abel, mnyamata wa tchalitchi cha Pentekosite chimene chinkapemphera m'kalasi ya pasukulu, Baibulo lili kukhwapa. Mayi anamukodola.

“Mwanawe, ima apa. Uza munthu ali m'mwambayo kuti apinde kachingwe pawiri.”

Abel anayang'ana m'mwamba, anayang'ana mayi, nkhope yake n'kuwala. “Bamai, iyi si nkani ya ntambo. Uyu muntu ni womangiwa mu mzimu!” Anatseka maso, anakweza dzanja. “Ntambo iliyonse yamene yamanga uyu m'bale, nikuilamula manje manje, duka! Duka!”

“Osati iyi!” anakuwa Lastone. “Abusa, sankhani ntambo! Osati iyi!”

“Duka!”

Mayi anatola tsache. Abel anatuluka pageti akuthamanga, akulamulabe. Atabwerera pakampando m'pamene mayi anazindikira kuti athamangitsa womasulira wachiwiri ndi manja awo.

Apa nthabwala zinatha pang'ono. Miyendo ya Lastone inali itaferatu, mutu unayamba kuzungulira, ndipo thukuta limene linkadontha pansi linali lozizira. Anachita mantha enieni. Poti panalibenso wina womuuza, analankhula ndi mtengo.

“Bulugamu,” anatero ndi mawu ofooka, “Lilly akabwela umuuze kuti misomali ya bedi ninasunga. Yali mu kachitini pa windo. Nenze kufuna kuibweza.”

Mayi aja anamva mawuwo, ndipo anamvanso mmene anathera, ngati wailesi imene mabatire ake akutha. Anaimirira. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi beseni lalikulu lochapira, analiika pansi pa mtengo n'kuthiramo madzi. Kuyang'ana mkamwini n'koletsedwa, koma palibe gogo amene ananenapo kuti kuyang'ana m'madzi a m'beseni lako n'kulakwa. Madzi atadekha, anaweramira. Anaona nkhope yotuwa, anaona kachingwe kopiringizika, anaonanso za kuseri kwa ovolosi zimene sanapemphe kuona. Anapuma mozama, anapepesa makolo onse a kum'mawa mumtima, n'kutsegula pakamwa.

“Iwe Lastone!”

Inu, munthu anatsitsimuka ngati wathiridwa madzi a m'firiji. Dzina lake, m'kamwa mwa apongozi! Anayang'ana uku ndi uku kufuna galu.

“Ndikunena iwe, chitsiru! Lumikiza nsonga ziwirizo, kakhale kozungulira. Mangitsa. Tsopano kazungulize pachingwe chachikulu, pansi pa chidole chakocho, ukulowetsa m'kati mwake momwe. Bwerezanso. Bwerezanso kachitatu. Usapingase, zigone bwino ngati mizere ya m'munda! Kodi manjawo unabwereka?”

“Bamai, nili…”

“Usandiyankhe, sindinazolowere. Lowetsa phazi. Imirira!”

Mwendo wakufa uja unamvera apongozi, mwini wake unali utamukana. Anaimirira, mfundo inaluma, osasuntha ngakhale pang'ono. Chitsulo chinapepuka, dzino linatseguka ndi chala chimodzi chokha, ngati silinakanepo kanthu chibadwire.

“Tsitsa chitsulocho pang'ono. Khalira. Tsopano tsitsa mfundo. Imiriranso.”

Anayamba kutsika chotero, chitsulo pang'ono, mfundo pang'ono, ngati mbozi. Bilimankhwe amene ankamunyoza uja akanamupitirira n'kumudikira pansi. Ndipo poti pakamwa panali patatseguka kale, mayi anaona kuti kungakhale kuononga kupatsekanso. Mawu anali atasungidwa zaka zonsezo, ena anali atachita nkhungu.

“Imirira. Tsiku lija unabwera kudzafunsira, nsapato zinali za yani? Khalira. Usaganize kuti sindinaone, zinali zazikulu. Tsitsa mfundo. Nanga nkhuku ija unabweretsa, inali ndi chitopa, inandiphera khola lonse. Imirira!”

Lilly anafika ndi dengu la tomato pamutu nthawi imene mapazi a mwamuna wake ankagunda pansi. Anapeza mayi ake ataweramira beseni, akulikalipira ndi dzina la Lastone, ndipo Lastone atagwa chogwada, manja onse awiri atagwira kumbuyo.

“Amama! Mukamba na ndani?”

“Ndi mwamuna wako. Mwambo wafera m'beseni umu, tidzaulira mawa. Mpatse chitenje avale.”

Lilly anatula dengu. Anayang'ana nthambi ili gone pamalo abwino, anayang'ana chingwe, anayang'ana Lastone ndi ovolosi yake yong'ambika, ndipo anayesetsa kuumitsa nkhope koma maso anamuulula. Anamukulunga chitenje m'chiuno, n'kumangitsa kuposa mmene zinkafunikira.

Lastone anaweramitsa mutu. Ankadziwa kuti zake zada. Anabwera kudzaonetsa kuti ndi mwamuna wanzeru, ndipo anaonetsa zina.

“Lilly,” anatero mayi, “kamange mapoto ako.”

“Amama?”

“Ndati kamange. Munthu uyu si woipa, koma si womusiya yekha. Wakhala yekha pang'ono pokha, taona kumene ndamupeza. Ukachedwa tidzamupeza pa waya wa magetsi, maliro n'kukhala anga.”

Madzulo amenewo anthu a ku Estates anaona Lilly akuyenda patsogolo ndi mapoto, Lastone pambuyo atavala chitenje cha maluwa, chingwe paphewa, akutsimphina ndiponso akumwetulira mano onse. Cephas atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anabwereka chitsulo chija, ndipo mpaka lero amakwera nacho, kachingwe kali m'thumba. Mukawafunsa kuti chabwino n'chiti, chitsulo kapena mfundo, Cephas amati zonse, Lastone amasintha nkhani.

Koma m'mawa wa Loweruka lija, dzuwa litangotuluka, Lastone akuzula misomali pa kantemba kuti abweze bedi, mtima uli mbee chifukwa m'nyumba munkamveka Lilly akutsuka mapoto, anamva kukhosomola kumbuyo kwake. Mwachizolowezi anadumphira m'ngalande kuti apereke njira.

“Tuluka m'menemo, zimenezo zinatha,” anatero apongozi, akutsitsa kampando kamene anasenza kuchokera kwawo. Anakhala, anakonza chitenje, anamuyang'ana m'maso mwenimweni. “Pitiriza ntchito, makutu sagwira hamala. Dzulo mtengo unafupika. Tinalekezera pa tsiku la ukwati.”